Rauta ya LTE patapita miyezi: laputopu ikaleka kuona WiFi

Achimwene ena a ku Rosettenville andifunsa ngati rauta ya LTE (kachipangizo kolowetsa SIM kogawa intaneti pa WiFi) yomwe ndidagula chaka chatha m'tauni muno mwa Johannesburg ikuyenera ndalama zake. Yankho ndi ili.

SIM imalowa osavuta, mafoni anayi ndi TV zimalumikizika nthawi imodzi, ndipo siitentha kwambiri. Pamenepo palibe chodandaula.

Chondisautsa ndi chimodzi. Magetsi akathima n'kuyakanso, laputopu imaleka kuona dzina la WiFi, pomwe mafoni akulowa bwinobwino. Ambiri apa amathamangira "Forget network" kapena kuikanso ma driver. Zimenezo zimathandiza ngati dzina likuoneka koma intaneti palibe. Ngati dzinalo lasoweratu, yang'anani channel, njira yomwe rauta imaulutsira WiFi.

Rauta imabwera channel yake ili pa Auto, kutanthauza kuti imadzisankhira yokha. M'mafulati odzaza anthu ngati a ku Yeoville, khomo lililonse lili ndi WiFi yake, ndiye ikayaka imasaka njira yopanda khamu, nthawi zina n'kugwera pa channel 12 kapena 13. Kuno ku South Africa zimenezo n'zololedwa, koma malaputopu ena akaunjika ochokera ku America amalekezera pa 11. Laputopu yotere siingaione rauta ngakhale ili patebulo lomwelo.

Kukonza kwake: lumikizani foni ku WiFi ya rauta, tsegulani browser, lembani adilesi yomwe ili pa kapepala kunsi kwa rauta, kawirikawiri 192.168.0.1 kapena 192.168.8.1. Mu WLAN settings, pa 2.4GHz, chotsani Auto muike 1, 6 kapena 11, popeza atatuwa salowererana. Channel width ikhale 20MHz, kenako Save. Za 5GHz, mtundu wina wa WiFi, musazidalire ngati pakati pali zipupa ziwiri za njerwa, mphamvu yake imathera m'njira.

Chokhumudwitsa n'choti ikalandira firmware (pulogalamu yoyendetsa rauta) yatsopano imabwerera pa Auto, muyambirenso.

Wogulitsa wa pashopu yomwe ndidagula rauta sadafune n'komwe kutsegula ma settings. Adati khadi la WiFi la laputopu lapsa, ndigule ka dongle ka USB (kolowa m'malo mwa khadilo) ka R250. Khadilo lilibe vuto mpaka lero. Consumer Protection Act ya 2008 imalola kubweza katundu wowonongeka miyezi 6 isanathe, koma apa rauta siyowonongeka, ndiye lisiti silikadathandiza.

Masiku omwe ikugwira ndimaiyamikira. Pa R900 yomwe ndidalipira, achimwene, gulani, koma osati pashopu imeneyo, ndipo dongle musagule musanasinthe channel.