Sitima ya ku Durban: kodi ndalama zanu zimagula chiyani?

Kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Epulo, kampani ya MSC imabweretsa sitima yake ku South Africa, ndipo maulendo ambiri amanyamukira padoko la Durban kulowera kugombe la Mozambique. Kwa ife okhala mu Harare, kutali ndi nyanja yamchere, imeneyi ndiyo njira yapafupi yolawira moyo wa pasitima yaikulu popanda kuvutika ndi viza ya ku Ulaya. Ulendowu ndi wokoma, zimenezo n'zosachita kufunsa. Koma ogulitsa matikiti amakonda mawu akuti "wapamwamba", pamene upamwambawo subwera ndi tikiti yotsika mtengo imene mwaiona pa Facebook ija. Umagulidwa padera, ndipo wosadziwa amalipira zambiri n'kulandira zochepa.

Ulendo wogona masiku awiri, uja wongozungulira panyanja n'kubwerera, ndi wa anthu a ku Durban konko. Inu wochokera ku Harare mukhala mutalipira ndege, hotelo ndi matakisi, ndiye musanazolowere n'komwe makonde a sitimayo akuti longedzani. Masiku atatu a ku Portuguese Island, kachilumba ka kufupi ndi Maputo, ndiwo ochepetsetsa. Masiku anayi, opita ku Pomene, ndiwo amabweza ndalama ya ndege.

Nkhani yaikulu ndi chipinda. Zilipo zam'kati zopanda zenera, za zenera losatseguka, za khonde, ndi zikuluzikulu zotchedwa suite. Cham'kati n'chotchipa ndipo mumagonamo bwino chifukwa ndi mdima wokhawokha, koma ngati mwabwerera kudzapuma, lipirani cha khonde. Sitimazi zimanyamula anthu oposa 2,000, ndipo tsiku limene muli pakati panyanja onsewo amakhala padziwe losambira, nyimbo zili pamwamba, mipando yonse itagwidwa ndi matawulo kusanache. Khonde lanu ndi malo okhawo amene mungakhale ndi kapu ya tiyi, mapazi pampando, n'kumamva madzi akung'ambika m'mbali mwa sitima popanda wokugundani. Kusiyana kwa mtengoko n'koyenera.

Koma si khonde lililonse. Aliyense amene anakwerapo Ilala panyanja ya Malawi nthawi ya mwera akudziwa kuti sitima siigwedezeka mofanana paliponse. Kutsogolo ndiko kumadumpha kwambiri, kumbuyo kumamveka kunjenjemera kwa injini, ndipo mukakwera nsanjika zapamwamba kupendekeka kumakula. Sankhani pakatikati pa sitima, m'nsanjika zapakati. Musanalipire, uzani wogulitsa tikitiyo akuonetseni mapu a nsanjika zonse, ndipo muone chimene chili pamwamba ndi pansi pa chipinda chanucho. Chabwino ndi chimene chili ndi zipinda zogona pamwamba ndi pansi pomwe. Chokhala pansi pa dziwe chimakudzutsani m'mamawa antchito akamakoka mipando, chokhala pamwamba pa malo ovinira sichigonetsa mpaka tambala woyamba. Palinso zipinda zimene zenera lake limayang'anizana ndi bwato lopulumutsira anthu, moti m'malo mwa nyanja mumaona chitsulo chalalanje. Zimalembedwa ndithu kuti zenera ndi lotchingika, koma ndi timalemba tating'ono.

Pamenepa ndi pamene mayina a Bella, Fantastica ndi Aurea, omwe ndi magulu a matikiti a MSC, amagwira ntchito. Bella ndi yotchipa chifukwa chipinda amakusankhirani ndi iwo, ndipo mukhoza kugwera paliponse mwa malo tatchulawa. Fantastica imakulolani kuloza nambala ya chipinda nokha. Kwa munthu amene amachita nseru m'basi ya ku Mutare, ndalama yowonjezerayo asaidandaule. Aurea imawonjezera malo abwino a chipinda ndi ufulu wodya madzulo nthawi imene mwafuna.

Upamwamba weniweni wa MSC uli mu Yacht Club, chigawo chotsekedwa chapamwamba kutsogolo kwa sitima, chimene khomo lake limatseguka ndi khadi la okhalamo okha. Muli lesitilanti yakeyake, dziwe lakelake, zakumwa zolipiridwa kale, ndi wantchito amene amakulandirani padoko n'kukudutsitsani mizere yonse. Chimene mumagula kwenikweni ndi bata ndi kusaima pamzere. Koma si sitima iliyonse ili nacho. MSC Splendida, imene inagwira nyengo ya 2023 mpaka 2024, inali nacho. MSC Musica imene inabwera pambuyo pake inalibe. Ndiye funsani dzina la sitima ya chaka chimenecho musanayambe kulota. Amene akufuna zoposa apo ayang'ane makampani ngati Silversea, Seabourn ndi Regent Seven Seas, amene sitima zawo zimanyamula anthu mahandiredi chabe ndipo zina zimaima ku Cape Town. Kumeneko zakumwa ndi ndalama yothokozera antchito zimakhala m'tikiti momwemo, ndipo Regent imaphatikizamo ngakhale maulendo ambiri apamtunda. Mtengo wake ndi wina ndithu, si wofananitsa.

Tsopano za ndalama m'sitimamo, poti apa ndi pamene ambiri amapsa mtima tsiku lomaliza. Mitengo ya m'kati imakhala m'madola a America, zimene kwa ife n'zosavuta kuwerengera, koma simulipira ndi ndalama m'manja. Mukakwera amakupatsani khadi limene ndi kiyi wa chipinda, chiphaso chotulukira ndi kulowera, komanso chikwama chanu. Khadilo mumalilumikiza ku Visa kapena Mastercard, apo ayi mumaikiratu madola. Ndalama yathu ya ZiG isiyeni kunyumba. Ngati mukutenga madola, pitani kubanki mukatenge atsopano. Aja othaitha timasinthana m'makombi ndi ku Mbare Musika, m'sitima akhoza kuwakana. Ngati ndi khadi la kubanki, dziwani kuti amayamba agwirako ndalama ina ngati chikole, ndipo imatenga masiku kuti imasulidwe. Musadalire khadi lomwelo kuti ndilo lilipire hotelo ndi takisi pobwerera. Muuzenso banki yanu kuti mukutuluka m'dziko, kuopa kuti angalitseke poganiza kuti labedwa.

Chakudya cha mu lesitilanti yaikulu ndi cha kumalo odzigawira nokha chili m'tikiti. Madzi akumwa a pamakina, tiyi ndi khofi wamba wa kumalo odzigawirako nazonso n'zaulere. Koma mowa, vinyo, zoziziritsa kukhosi, madzi a m'botolo ndi khofi wa pabala ndi zolipira, ndipo pamtengo uliwonse amawonjezerapo 15 peresenti. Kulowa ndi mowa wanu n'koletsedwa, zikwama zimadutsa pamakina. Pali dongosolo lolipiriratu zakumwa za ulendo wonse, limene limatsikirako mtengo mukagula musanakwere. Vuto lake n'lakuti akuluakulu onse a m'chipinda chimodzi amayenera kuligula. Ngati bambo amamwa koma mayi sakhudza n'komwe, werengerani bwino. Nthawi zambiri kulipira chimodzichimodzi kumapepuka. Funsaninso ngati ndalama ya tsiku ndi tsiku yothokozera antchito ndi msonkho wa padoko zawerengeredwa kale pamtengo umene akuuzaniwo, ndipo akulembereni.

Foni nayo imadya ndalama mwakachetechete. Sitima ikangotalikira kugombe, foni imalumikizana ndi netiweki ya setilaiti imene mitengo yake ndi yoopsa. Ikani pa airplane mode musananyamuke. Ofuna WhatsApp agule Wi-Fi ya m'sitima, ndipo nayo imatchipirako mukaguliratu.

Mapepala. Pasipoti ikhale ndi miyezi 6 yotsala kuchokera tsiku lobwerera, ndi masamba osadindidwa. Ya Zimbabwe ndi ya Malawi zonse zimalowa ku South Africa, Mozambique ndi Mauritius popanda viza paulendo waufupi wokacheza. Msampha uli pa Réunion. Maulendo ataliatali opita ku Mauritius kawirikawiri amaimanso pachilumba chimenechi, chomwe ndi gawo la France. Anzathu a pasipoti ya South Africa amalowa popanda viza, n'chifukwa chake zotsatsa malonda zambiri sizinenapo kanthu, koma ife timafunika viza, ndipo ya Schengen wamba, ija yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya, siikwanira pokhapokha italembedwa kuti ikugwiranso ntchito kumeneko. Kunena kuti "ine sinditsika, ndikhala m'sitima" sikuthandiza: wopanda viza akhoza kubwezedwa padoko la Durban pomwepo, tikiti yake n'kupita. Safunsa anadya phula. Mwana woyenda ndi kholo limodzi atengeredwe setifiketi yobadwira ndi kalata yachilolezo ya kholo linalo. Mayi woyembekezera amene mimba idzafike masabata 24 ulendo uli m'kati saloledwa kukwera.

Fikani ku Durban dzulo lake. Ambiri amadzera ku Johannesburg n'kusintha ndege kupita ku King Shaka, bwalo limene lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 35 kuchokera mumzinda. Ndege imodzi ikachedwa, sitima siidikira. Oyenda pabasi kudzera ku Beitbridge aonjezerepo tsiku lina, makamaka mu Disembala. Pofika pa Nelson Mandela Cruise Terminal mumapereka zikwama zazikulu, ndipo zimafika pakhomo panu masana kapena madzulo ndithu. Choncho mankhwala, pasipoti, chaja ndi zovala zosambira zikhale m'kachikwama ka m'manja. Simbi yositira ndi ketulo amalanda chifukwa choopa moto. Sitima isananyamuke aliyense amayenera kuphunzitsidwa malo othawira pangozi. Ndi lamulo la panyanja, musazembe.

Tsiku la kumchenga ndilo mtima wa ulendowu. Ku Portuguese Island, pafupi ndi Inhaca pakamwa pa gombe la Maputo, ngakhale ku Pomene m'chigawo cha Inhambane, kulibe doko loti sitima yaikulu n'kukocheza. Imaima patali, anthu n'kumatsitsidwa m'mabwato, monga zimakhalira Ilala ikafika ku Nkhotakota. Madzi ake ndi oyera moti mumaona zala zakumapazi zili pansi, mchenga ndi wotentha moti popanda nsapato simuyenda. Pomene ndi yokongola kuposa inzakeyo: kuli mitengo yomera m'madzi amchere, ndiponso mabwinja a hotelo yakale ya nthawi ya Apwitikizi amene ali pamwamba pa matanthwe. Nyama yootcha ya masana ili m'tikiti. Tengani nambala ya bwato msanga, chifukwa otsika mochedwa amapeza mithunzi yonse yatha, n'kungokhala maola awiri basi. Chipewa, mafuta oteteza kudzuwa ndi othamangitsa udzudzu musaiwale, poti uku ndi kudera la malungo. Mukatentha thupi mutabwerera ku Harare, kayezetseni ndipo muwauze kumene munali.

Koma dziwani kuti tsikuli silolonjezedwa. Mafunde akakula, kaputeni amaletsa mabwato, ndipo chilumba mumangochionera patali. Nyengo ya sitimayi ndi yomweyonso ya anamondwe m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar, makamaka Januwale mpaka Malichi. Idai, amene anasakaza Beira ndi Chimanimani mu 2019, ndi Freddy, amene analiritsa Blantyre mu 2023, onse anagunda mu Malichi. Malamulo a tikiti amalola kaputeni kusintha njira chifukwa cha nyengo. Novembala, kumayambiriro kwa Disembala sukulu zisanatseke, ndi Epulo ndiyo miyezi yabwino, ndipo anthu amachepako. Apa m'pamenenso khonde lija limaonetsa phindu lake: tsiku la kumchenga likalephereka, wa chipinda cham'kati alibe kothawira.

Chakudya n'chabwino, makamaka pitsa ndi pasita, poti kampaniyi mizu yake ndi ya ku Italy. Kumalo odzigawira nthawi ya nkhomaliro kumakhala piringupiringu. Lesitilanti yaikulu, kumene mumakhala pansi n'kukutumikirani, ndi yaulere chimodzimodzi koma ambiri saidziwa masana. Nsima musayembekezere tsiku lililonse. Pamakhala usiku umodzi wotchena, ndipo suti kapena diresi yachitenje yosokedwa bwino zimakwana ndithu.

Amene amachita chizungulire afunse kufamasi za mapiritsi ngati Stugeron, ndipo amwe sitima isananyamuke, osati nseru itayamba kale. Amagonetsa, ndiye asasakanize ndi mowa. Ikakupezani, tulukani panja muyang'ane kumene nyanja yakumana ndi thambo. Kudzitsekera m'chipinda kumawonjezera. Njira ya Durban kupita ku Cape Town ndiyo yolimba mafunde, woyamba kumene asayambire imeneyo. Sambani m'manja ndi sopo musanadye, chifukwa matenda otsekula m'mimba amafala msanga pamene anthu masauzande akugwira chipande chimodzi. Dokotala alimo m'sitima, koma ndi wolipira, m'madola, ndipo medical aid yakuno nthawi zambiri siifika kumeneko. Inshuwalansi ya ulendo ikhale yonena momveka kuti imalipira chithandizo cha panyanja ndi kukunyamulani kupita kuchipatala chapamtunda.

Usiku womaliza zikwama zazikulu zimaikidwa panja pa chitseko musanagone, ndiye patulani zovala za m'mawa. Bilu yanu muione usiku womwewo, mzere ndi mzere, chifukwa cholakwika chimakonzedwa mosavuta mukadali m'sitima kusiyana ndi pa imelo muli ku Harare. Kutsika kumachitika m'magulu ndipo kumatenga maola, kuphatikizapo mzere wa odinda mapasipoti, choncho ndege yochokera ku King Shaka ikhale ya masana dzuwa litapendeka.