Patha miyezi 14 ndikuyendera matayala a all-terrain ku Tsangano

Hilux yanga si yokongoletsa pakhomo. Sabata iliyonse imakwera ku Tsangano kukatenga mbatata ya kachewere, n'kutsika nayo kudzalowa mu M1 kupita ku Blantyre. Kale ndinkagula matayala a kaunjika, ndipo sipeya sinkakhalitsa pamalo pake. Tsiku lina m'mawa, matumba ali phaa kumbuyo, mwala unang'amba tayala m'mbali. Bambo amene amamata matayala pa Ntcheu anangolowetsa zala ziwiri pachibowopo n'kunena kuti, "Achimwene, apa sitimata, mungakafere panjira." Tsiku lomwelo ndinatsimikiza zogula anayi atsopano.

Ndinasankha a all-terrain, oyenda pa tala ndi pamsewu wafumbi pomwe, saizi 265/65 R17, olembedwa LT kutsogolo kwa saiziyo. Zilembo ziwirizo ndiye zandipulumutsa, osati mano akuluakulu amene ambiri amathamangira. Tayala la LT limakhala lochindikala m'mbali ndipo limapangidwira katundu. Akale aja anali ndi nambala 112, kutanthauza kuti tayala limodzi lingasenze makilogalamu 1,120. Awa ali ndi 120, omwe ndi makilogalamu 1,400. Ndinaonanso manambala anayi omalizira pamzere woyamba ndi zilembo DOT m'mbali mwa tayala, osonyeza sabata ndi chaka chimene tayala linapangidwa, chifukwa tayala lokhalitsa m'sitolo limauma ngakhale lisanapondepo pansi.

Patha dzinja limodzi ndi chilimwe chathunthu. M'mbali mwa onse anayi muli zipsera za miyala, china chachitali ngati chala, koma palibe lomwe latupa kapena kung'ambika. Kuphwa kunachitika kamodzi kokha, msomali utalowa pakati pa mano, ndipo anamata popanda vuto. Jeke wanga wachita kugwira dzimbiri. Kwa ine zimenezi ndi ndalama, pakuti mbatata ikafika mochedwa pamsika ogula amakhala atatenga kale kwa ena.

Koma musamve ngati ndi a matope. Mu February ndinatitimira pamtsetse wina, dothi lofiira lija litadzaza m'mano mpaka tayala kusalala ngati mbale. Anandikankha ndi anyamata a m'mudzimo. Anzanga ena amati ndikanagula a mud-terrain, a matope enieniwo, koma ulendo wanga wambiri ndi wa pa tala, ndipo amenewo amalira kwambiri komanso sagwira bwino tala likanyowa. Kutitimira kamodzi pachaka ndakuvomera.

Zina zondisowetsa mtendere zilipo. Ndi olemera, choncho dizilo akupita wochulukirapo pang'ono. Galimoto ikakhala yopanda katundu imagunda, bampu aliyense amamveka mumsana. Apa ndinaphunzira kusewera ndi mpweya. Ndikamakwera wopanda kanthu pamsewu wafumbi ndimauchepetsa pang'ono, ndipo galimoto imasiya kudumphadumpha. Ndisanapakire matumba ndimapopanso akumbuyo. Ndinagula kapampu kolumikiza ku batire ndi geji yangayanga, ndipo ndimayeza m'mawa matayala asanatenthe. Tayala lochepa mpweya litasenza katundu pa tala limatentha mpaka kuphulika, ndiye apa sindichita ulesi.

Pa miyezi itatu yoyambirira ndinalakwitsa ndekha. Sindinapangitse alayimenti, ndipo lakutsogolo kumanzere linayamba kudyeka mbali imodzi. Chikonzereni, ndimawasinthanitsa malo pa makilomita 10,000 aliwonse ndipo akutha mofanana. Mano akadali kutali ndi timizere ta 1.6 mm tosonyeza kuti tayala latha, ngakhale sindidikira kufika pamenepo pamsewu ngati uwu.

Mtengo wake unandiwawa, ndinachita kubwereka ndalama kwa mlamu wanga. Ngongoleyo ndinabweza kalekale, matayala akadali pagalimoto. Sipeya yokha ndiyo idakali ya kaunjika, ndipo ndikufuna ndiisinthe mvula isanayambe mu November.