Laminitis ikavuta: mabuti, nsapato ya thabwa kapena heart bar?

Amene munaonapo hatchi itaima miyendo yakutsogolo itatambasulira kutsogolo, thupi lonse litatsamira kumbuyo ngati ikufuna kukhala pansi, mukudziwa mmene mtima umapwetekera. Amenewa ndi matenda a chiboda otchedwa laminitis. Yanga ndinaipeza choncho m'mawa, ndikagwira chiboda chikutentha, mtsempha wa pakakolo ukugunda mwamphamvu, kuikoka kuti isunthe olo phazi limodzi inkangondiyang'ana. Mkati mwa chiboda muli timinofu totchedwa laminae timene timamata chiboda ku fupa lomaliza la mwendo, nde tikatupa timasiya kugwira, mtsempha waukulu wakumbuyo kwa mwendo umapitiriza kukoka fupalo mpaka limapendekeka kapena kumira kumene, nthawi zina kuboola pansi pa chiboda. Hatchi ya makilo 500, pafupifupi 60 peresenti ya kulemerako ili pa miyendo yakutsogolo. Hatchi zotchuka za mpikisano ku America, Secretariat anachita kumupha kuti asavutike mu 1989 chifukwa cha matenda omwewa, Barbaro mu January 2007, ndipo amenewo anali ndi madokotala apamwamba zedi.

Masiku oyamba palibe chosankha. Dokotala wa ziweto abwere, mankhwala a ululu ngati bute, m'khola muthire utuchi kapena mchenga wambiri, osaiyendetsa ayi, ndipo ngati mwaigwira koyambirira miyendo ilowe m'madzi a ayisi mpaka pafupi ndi bondo maola 48 mpaka 72 osadukiza. Kenako X-ray. Mkangano umayamba apa, tiike chani kuphaziko?

Mabuti okhala ndi siponji mkati ndi amene ine ndinayambira ndipo nditati ndibwereze ndingayambirenso pomwepo. Chifukwa chake nchimodzi, palibe kukhoma. Hatchi imene ikulephera kuima ndi miyendo inayi simungaiuze kuti iime ndi itatu nthawi yaitali, koma buti mumangonyamula phazi pang'ono, kuveka, basi. Siponjiyo imanyamula mbali yakumbuyo ya chiboda pamene pali frog, kamnofu kofewerako kooneka ngati V pansi pa chiboda, kutsogolo kowawako nkupuma. Olo mulibe mabuti, chidutswa cha styrofoam chokhuthala chomangidwa ndi tepi chimagwira ntchito tsiku loyamba. Ubwino wina mumaona chiboda tsiku lililonse, nde chithupsa chikayamba, ndipo zithupsazi, ma abscess, zimabwera kawirikawiri pambuyo pa laminitis, mumadziwa msanga. Koma ntchito yake abale. Kuvula tsiku ndi tsiku, kupukuta, kuumitsa, apo ayi mkati mumachita chinyezi frog nkuyamba kununkha, kuchidendene kumanyuka zilonda, siponji imaphwatalala muyenera kusintha. Ine ndinkagwada mu utuchi kawiri patsiku ndi kansalu m'manja. Ngati mulibe nthawi imeneyo musadzinamize.

Nsapato ya thabwa, ija amati clog, anthu ambiri amaiderera akangoiona, eti thabwa kuphazi kwa hatchi. Anaitchukitsa ndi dokotala wa ziweto wa ku Oklahoma, Mike Steward. Ndi thabwa lokhuthala losemedwa mozungulira m'mbali monse, ndiye hatchi imasankha yokha mbali yopendekera phazi pomwe sipakuwawa, poyenda olo potembenuka chiboda sichikanganuka kutsogolo. Amaimanga ndi ma screw, guluu kapena bandeji yolimba ija, hamala sigwira ntchito. Chimene chimandisangalatsa nchakuti mmisiri wa ziboda atha kuipala pomwepo ili kuphazi, mukayang'ana X-ray nkuona kuti apa pachepe, amangopala. Kwa hatchi imene fupa lapendekeka kwambiri kapena layamba kumira, ine ndimaiona clog ngati yoposa zonse zitatuzi. Kuipa kwake imaterera pa simenti yonyowa, imatha, imakweza hatchi m'mwamba pang'ono nde ngati mwaika phazi limodzi linalo liyeneranso kulingana, komanso pansi pa chiboda pabisika, mafinya akasonkhana mudzazindikira hatchi itayambanso kutsimphina.

Heart bar ndiyo yotchuka, nsapato yachitsulo yokhala ndi kachitsulo kena kooneka ngati mtima kogona pa frog. Burney Chapman, mmisiri wa ku Texas, ndi amene anaibwezeretsa m'zaka za m'ma 1980. Ikaikidwa bwino imathandizadi, imalimba, siifuna kuvula madzulo aliwonse, hatchi ikayamba kuchira imayenda nayo bwino. Koma apa ndilankhule mosabisa. Kukhoma misomali pa chiboda chotupa ndi nkhanza, ndipo kachitsulo kaja kakapanikiza mopitirira kapena kakalakwika malo kamawononga frog nkuwonjezera ululu womwe mumafuna kuchotsa. Chiboda chikamakula nsapato imasuntha malo, ndiye pakatha masabata anayi kapena asanu ayichotse ayiikenso. Yopanda X-ray ndiponso mmisiri amene anaiikapo kambiri, ine ayi. Zilipo zomata ndi guluu, zimenezo bola. Kwa ine heart bar ndi ya miyezi yakutsogolo, hatchi itasiya kumva kuwawa kwambiri, osati sabata yoyamba.

Ena amati ingosiyani yopanda kanthu, kumangodula chiboda bwino. Kudula nkofunika pa njira zonsezi, kufupikitsa kutsogolo kuti chiboda chiyambenso kutsata fupa, koma hatchi yodwala kwambiri kuisiya phazi lilibe chonyamulira pokhapokha ili pa mchenga wofewa usana ndi usiku. Kulinso opaleshoni yodula mtsempha wokoka fupa uja, tenotomy, imeneyo madokotala amaisungira pamene zina zonse zakanika.

Tsono chimene chinanditengera nthawi kumvetsa ndi ichi, ndinkalimbana ndi phazi pamene vuto linali m'magazi. Hatchi zambiri za laminitis, pafupifupi 9 mwa 10, gwero lake ndi kukwera kwa insulin, mahomoni oyendetsa shuga m'magazi, kaya chifukwa cha matenda otchedwa EMS a hatchi zonenepa za khosi lolimba, kaya matenda a PPID a zokalamba zimene ubweya suthothoka. Zina zimayamba ndi kudya mbewu zambiri nthawi imodzi, nsengwa yotsalira ikabereka, kapena kulemedwa mwendo umodzi ngati Barbaro. Pimitsani magazi, insulin ndi mahomoni ena otchedwa ACTH, ikakhala PPID pali mankhwala a pergolide. Msipu wauwisi ayi, udzu wouma wa shuga ndi sitachi zosapitirira 10 peresenti, kuuviika m'madzi pafupifupi ola limodzi madziwo nkutaya, mlingo wake 1.5 peresenti ya kulemera kwa hatchi patsiku. Koma musaimane chakudya kuti ionde msanga, makamaka tihatchi tating'ono ndi abulu, mafuta amadzaza m'magazi nkufa nazo. Bute nayenso musamupitirize mwa inu nokha, amayambitsa zilonda m'mimba ndi kuwononga impso, komanso hatchi ikamva bwino ndi mankhwala imafuna kuthamanga pamene laminae sanagwire.

Chiboda chimakula mamilimita 6 mpaka 10 pamwezi, kuti chonse chisinthe ndi miyezi 9 mpaka chaka. Yanga inakhala m'mabuti masabata oyamba, kenako clog, ndipo pano m'mawa uliwonse ndimayamba ndagwira mtsempha wa pakakolo ndisanaipatse udzu. Mzere wa pamene matenda anayambira wafika pakati pa chiboda, pamwamba pake chatsopanocho chikutsika chowongoka.