Burashi kapena stika pa mabogi a sitima?

Ku Britain kale zilembo zambiri za pa mabogi ankalemba pamanja, m'mawekishopu ngati a Swindon aja anatsekedwa mu 1986. Mmisiri ankayamba ndi choko, kenako burashi yofewa, dzanja atalitsamiritsa pa kandodo kuti lisanjenjemere, penanso mpaka golide weniweni wopyapyala, pamwamba vanishi. Zimadya masiku ndithu koma zikafwifwa umangodutsamonso ndi penti basi.

Stika za vinyl ndi fasti, kompyuta yadula, wamata, bogi latuluka, zilembo zonse zofanana ndendende. Kampani ya mabogi mahandiredi singachitire mwina. Koma dzuwa likaziwomba zaka zingapo zimayamba kumatuka m'mphepete, kunyansa kwake eish.

Pa mabogi akale ngati a Severn Valley Railway, njanji ya ku England yomwe imasunga ndi kuyendetsa sitima zakalekale, ine stika ayi, burashi yomweyo.