Labu yoyeza khansa ya pa Kamuzu Central: imagwira bwino, koma samalani ndi kanyama kotumizidwako

Munthu akauzidwa kuti ali ndi khansa yosowa, monga sarcoma (khansa ya m'mafupa kapena m'minofu) kapena mtundu wina wa lymphoma (khansa ya anabele), kuyezetsa kumakhala kwangoyamba kumene. Dokotala amafuna dzina lenileni la khansayo, chifukwa mankhwala a mtundu uwu sagwira pa mtundu uwo. Pa ntchito imeneyi, labu ya pathology (yoyeza tinyama todulidwa pa thupi la wodwala) ya pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe ndi yodalirika. Inatsegulidwa mu 2011 mothandizana ndi University of North Carolina, ndipo matenda ovuta kuwazindikira amakambidwa pa intaneti pakati pa akatswiri a kuno ndi a ku America, onse akuona zithunzi zomwezo za pa maikulosikopu.

Chimene ndimaiyamikira kwambiri ndi immunohistochemistry. Kanyama kamene kadulidwa pa chotupa amakapaka mankhwala osonyeza mtundu wa maselo: chizindikiro chotchedwa CD20 chikaoneka, lymphomayo ndi ya maselo a B. Njira yomweyi inathandiza kuzindikira Castleman disease mwa anthu amene ali ndi HIV, nthenda yotupitsa anabele imene ambiri amaisokoneza ndi TB.

Vuto limakonda kuyambira kumene kanyamako kadulidwira. Kayenera kulowa mwamsanga mu formalin ya 10%, mankhwala amadzi oteteza kanyama kuti kasawole, ndipo formalinyo ichuluke kuwirikiza ka 10 kuposa kanyamako. Kakaikidwa m'madzi amchere a dripu kapena kakauma pa thonje, maselo amawonongeka, zotsatira n'kubwera zosamveka, wodwala n'kudulidwanso kachiwiri. Pa botolo palembedwe dzina, tsiku ndi malo amene kadulidwa. Pa lymphoma, kukoka timadzi ndi singano yopyapyala nthawi zambiri sikukwanira. Funsani adokotala ngati angachotse mwanabele wathunthu kapena kugwiritsa ntchito singano yaikulu. Ngati mukumwa mankhwala a prednisolone, nenani asanadule, chifukwa amaphwetsa chotupa cha lymphoma n'kubisa zimene labu ikufunafuna. Musawasiye mwa inu nokha.

Kudikira kumapweteka mtima, koma kuli ndi zifukwa zake. Kanyama kamakhala mu formalin pafupifupi tsiku lathunthu, kenako amakaumitsa mu phula, kukacheka mopyapyala ndi kukapaka utoto. Fupa limayamba lafewetsedwa, ndipo izi zimawonjezera masiku. Immunohistochemistry nayo imadza pambuyo pake. Lembetsani nambala ya ku labu m'buku lanu la kuchipatala, mufunsenso tsiku lobwerera. Nambalayo ndi imene imapezetsa zotsatira mapepala akasowa.

Pamene mukudikira, angakutumizeni ku CT scan, makina ojambula m'kati mwa thupi, kuti aone pamene khansa yafika. Ngati adzakubayani mankhwala owalitsa zithunzi, amayamba ayeza creatinine m'magazi kuti adziwe mmene impso zilili. Nenani ngati muli ndi pakati, ngati mumamwa mankhwala a shuga a metformin, kapena ngati mankhwala owalitsa zithunziwa anakuwenganipo. Kumva kutentha thupi lonse ndi kukoma kwa chitsulo mkamwa si koopsa, kumatha msanga. Mukatuluka, imwani madzi ambiri. Akafunanso kuyeza mafuta a m'mafupa, amatengera pa fupa la kumbuyo kwa chiuno atabaya jakisoni wa dzanzi, komabe pokoka pamamveka ululu wa kanthawi kochepa. Bwerani ndi wokuperekezani, makamaka kuti azikuthandizani kugwira mawu a adokotala.

Amene akupita kunja, kaya ku India kapena ku South Africa, apemphe lipoti lolembedwa, timagalasi timene anaikapo kanyama poonera pa maikulosikopu, kachidutswa ka phula kamene muli kanyama kaja, ndi zithunzi za CT pa CD. Madokotala a kumeneko amafuna kudzionera okha, ndipo phulalo likakhalapo amatha kuyezanso popanda kukudulani kachiwiri.