Ayisi kapena botolo la madzi otentha mukavulala kafupa ka kumapeto kwa msana

Mukagwa chokhala pansi kafupa kaja ka kumapeto kwa msana kamapweteka zoopsa, makamaka podzuka pampando. Nde muikepo chani, ayisi kapena zotentha?

Ayisi ndi wa masiku awiri kapena atatu oyambirira pomwe malowo atupa, amachepetsa kutupako komanso amachititsa dzanzi ululu nkutsikako. Mukulunge pa kansalu osamuika pakhungu penipeni, mphindi 15 mpaka 20 basi kenako pumulani, kangapo patsiku. Zotentha tsiku loyamba ine ayi, zimatha kuwonjezera kutupa.

Koma kutupa kukangotha botolo ndi limene limathandiza kwambiri chifukwa ululu wina umachokera ku minofu yomwe yakungika mozungulira fupalo, kutenthako kumaimasula. Musagone nalo tu, mungapse.

Zonse ziwirizi sizilumikiza fupa. Likangovulala osathyoka limatenga pafupifupi milungu 4 kuti lipole, likathyoka 8 mpaka 12, ndiye khalirani khushoni yoboola kumbuyo muziweramirako kutsogolo pang'ono. Miyendo ikachita dzanzi kapena mkodzo ukumangotuluka okha, zisiyeni zonsezi thamangirani kuchipatala.