ChatGPT kapena Transkribus: chodalirika n'chiti powerenga mabuku akale a ku mishoni?

Wofufuza mbiri ya banja kuno ku Chipata sachedwa kukumana ndi zolembedwa pamanja: buku la ubatizo, chitupa cha agogo amene ankagwira ntchito ku Salisbury (Harare ya lero), makalata ochokera ku migodi. Mishoni ya Magwero inayamba mu 1899, ndipo mapepala a zaka zimenezo inki yake inazilala kalekale. Zida za AI zowerengera mapepala otere zili mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake kwenikweni kuli pa mmene zimalakwitsira.

ChatGPT, Gemini ndi Claude n'zosavuta. Mujambula tsamba ndi foni, mutumiza, yankho labwera, ndipo ngati m'busa analemba m'Chingerezi kapena Chiafrikaans zikumasulirani pomwepo. Vuto lake n'lakuti sizikonda kusiya mpata. Zikapeza dzina lofufutika zimaikapo lina lofanana nalo limene n'lofala, mwina Mwanza n'kusanduka Mwale, 1918 n'kukhala 1913, chiganizo chili chosalala bwinobwino moti simungakayike. Pamenepo mwalowetsa mlendo m'mbumba. Muziziuza poyera kuti zikopere chilembo ndi chilembo, zisakonze kalembedwe, ndipo posawerengeka ziike chizindikiro cha funso. Tumizani tsamba limodzi nthawi imodzi. Mukaunjika ambiri mizere imasakanikirana, mwana wa uyu n'kupatsidwa makolo a pa mzere wapansi.

Transkribus inapangidwira zolemba pamanja basi. Imaika mawu amene yawerenga pafupi ndi mzere wake wa pa chithunzi, ndiye mumaona nokha pamene yaphonya. Ikalephera nthawi zambiri imatulutsa zilembo zopanda mutu, ndipo ubwino wake ndi womwewo, chifukwa cholakwa choonekera chimakonzeka. Siidziwa maina athu, choncho poyamba imapunthwa kwambiri. Mungathe kuiphunzitsa dzanja la mlembi mmodzi poikopera nokha masamba 25 mpaka 75, ntchito yoyenera ngati muli ndi buku lonse la mpingo, koma yosapindula pa kalata imodzi. Imafuna kompyuta ndi intaneti yokhazikika, ndipo masamba aulere pamwezi ndi ochepa.

Musanasankhe, koperani pamanja mizere 10 ya tsamba limodzi, kenako perekani tsambalo ku zida zonse ziwiri. Werengani zolakwa pa maina, midzi ndi zaka zokha. Zina zonse zilibe kanthu. Jambulani masana pamthunzi, osayatsa flash, tsamba litagona bwino ndi mitu ya mizere ikuoneka.

Pa nkhani ya ubale Transkribus ilibe mawu, imangowerenga. ChatGPT ndi anzake amayesa kukonza mndandanda wa banja, ndipo apa mpofunika maso. Amangoganiza kuti mzere umatsata bambo, zimene zingayende kwa Angoni a Mpezeni koma osati kwa Achewa ndi Ansenga, kumene mbumba imawerengedwa kuchikazi ndipo malume ndiye mwini wake. Mukalemba kuti "amayi aang'ono" kapena "achimwene" osafotokoza, mwana wa mchemwali wa amayi anu amulemba ngati wobadwa nanu bere limodzi. Kulowa dzina nako kumawasokoneza: anthu awiri, mwini dzina ndi mphwake amene analowa m'malo mwake, amasanduka munthu mmodzi wa zaka 130. Pa munthu aliyense lembani amene anam'bala, mudzi ndi mfumu yake, monga zilili pa chitupa cha boma cha NRC.

Kalembedwe kakale musakakonze. Fort Jameson ndi Chipata yemweyu, dzina la Mpezeni atsamunda ankalilembanso kuti Mpeseni, ndipo Cirwa wa kuno ndi Chirwa wa ku Mchinji angakhale abale. Sungani zonse ziwiri kuti mukafufuze nazo pa FamilySearch, webusaiti yaulere ya mbiri za mabanja, kapena m'ma District Notebook, mabuku amene ma DC a atsamunda ankalembamo za maboma awo, ku National Archives ku Lusaka.

Kwa wokhala ndi mapepala ochepa ndi foni yokha, ChatGPT kapena anzake akwanira, bola dzina lililonse mulitsimikize ndi maso pa chithunzi. Buku lathunthu la mpingo lipite ku Transkribus. Koma kufunsa chabe kuti "agogo anga a Jere anachokera kuti" popanda pepala lililonse musayese. Mudzalandira nkhani yokoma ya Zwangendaba kuwoloka Zambezi mu 1835, yosakhudza agogo anuwo. Ndipo mapepala okhala ndi maina kapena manambala a NRC a anthu amoyo musatumize asanakuloleni eni ake.